Nyumba ya M'munsi mwa Damu

"Ndiye kuti inunso mukukana?" anafunsa Mayi Malizani.

Mervin, wa kampani ya inshuwaransi yachinayi kufika pakhomopo, ankangoyang'ana pakhoma mzere wa matope wolekeza m'chiuno, umene unkaonekabe pansi pa penti watsopano.

"Kampani yanu yakale inakulipirani madzi atalowa chaka chatha, eti?"

"Inandilipira, kenako n'kundisiya. Komatu inali mvula ya kamodzi, bambo. Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa pa esiteti pano, madzi anali asanafikepo ngakhale pakhonde."

Mervin anatseka faelo yake n'kutuluka panja. Anayang'ana kumtunda, kumene kunali damu la esiteti pakati pa minda ya tiyi. Mitambo yakuda inali itaphimba kale phiri.

"Amayi, nkhani si ya chaka chatha ayi," anatero motsitsa mawu. "Injiniya wathu anayendera damulo mwezi watha. Khoma lake lang'aluka. Nyumba za m'munsi muno sitikuzilandiranso."

"A manijala a esiteti akudziwa?"

"Kalata tinawalembera tsiku lomwelo."

Madontho oyamba anagwa pamalata. Mayi Malizani anamupempha kuti akhale kaye mvula idutse, koma mnyamatayo anathokoza ali kale pa liwiro kupita ku galimoto yake.

Mayiwo anatembenukira ku nyumba yoyandikana nayo, ya a manijala, imene inali yotseka. Banjalo linasamukira kumtunda masabata atatu apitawo, ati nyumbayo ikufunika penti. Mbale zawo anawathandiza kulongedza ndi Mayi Malizani omwewo.