Kanyali Kozima Pamwamba pa Chitseko

"Chithunzi sichikubwera," anatero dokotala, maso ali pakompyuta.

Bambo amene anabwera ndi mwana wodwala anayang'ana khoma. Kuseri kwa khomalo ndi komwe achipatala anali atangojambula chifuwa cha mwana wake, yemwe tsopano ankapuma mobanika pamiyendo pa mayi ake.

"Ngati ndi netiweki, adokotala, foni yangayi ili ndi bandulo."

"Si netiweki ya foni, bambo. Makompyuta a muno amalankhulana okhaokha kudzera m'mawaya."

Dokotala analoza kabokosi kotsekeredwa m'kabati yagalasi pamwamba pa chitseko. Mawaya onse ankakumana m'menemo, waya aliyense ndi kanyali kake kobiriwira kakuphethira. Kamodzi kokha kanali kozima.

"Wathu ndi wozimayo. Wokonza wapita ndi kiyi, ndipo foni sakuyankha."

"Nanga osakachionera komwe ajambulako?"

"Wojambula wakiya chitseko, waweruka."

Bamboyo anagwedeza mutu ngati wamva. Kenako anapita pawindo nakweza foni yake m'mwamba, monga amachitira kunyumba netiweki ikamavuta, maso ali pa kanyali kaja.

"Abambo ake, tsitsani mkonowo," ananong'ona mkazi wake.

Iye anangosintha mkono.