Foni ya Malemu Bambo

Magetsi atazima madzulo, mayi anatenga foni ya malemu amuna awo kuti aunikire pokaanula zovala. Foniyo inkalankhula, ndipo inkasunga zonse zimene munthu waiuza. Mwana wawo anali atanena kuti mawa adzafufuta zonsezo n'kuigulitsa.

"Pang'onopang'ono, amake ana," inatero foni. "Sitepe yachiwiri ikugwedera."

"Iwe, wakuuza ndani?"

"Bambo. Anati ndizikukumbutsani."

"Nkhalamba ija! Inanena liti?"

"Dzulo."

Sitepeyo inayamba kugwedera mwezi uno. Bambo anaikidwa chaka chatha.

Mayi anaanula zovala n'kuziika m'dengu. Pobwerera ananong'ona: "Mawa ukupita. Bambo akabwera lero, undidzutse."

"Afika kale. Akuti katunduyo wakulemerani."

Dengu linapepuka m'manja mwawo.