Kulira Mosinthana

Khomo lililonse m'mudzimo linali ndi galasi longa la kanema losonyeza mmene ntchito yomanga mlatho ikuyendera. Makina oyendetsa magalasiwo akaloza banja kuti lachedwetsa ntchito, mzere wa banjalo unkafiira, ndipo mpopi wawo unkatsekedwa.

Bambo Chidzanja atamwalira, mkazi wawo Nangondo anauza ana kuti azilira mosinthana. Wina akamalira m'nyumba, wina azikasenza mchenga kumtsinje.

Mwana wawo woyamba, Tiyesere, anabwerako atapsa mtima. "Amayi, simenti kulibe chiyambire dzinja. Tikungounjikira mbuzi mchenga woti zizigonapo. Koma mzere wa kontilakitala uli biriwiri ngati nazale ya fodya!"

"Unaona galu akuuwa mbuye wake?" anayankha Nangondo. "Pukuta misozi, nthawi yako yolira sinakwane."

Malirowo anaika mothamanga, popanda nyimbo. Pobwera kumanda anapeza galasi lili psuu. Linati mlatho wachedwa chifukwa adzukulu okumba manda anabwereka mafosholo awiri a pamlatho.

Nangondo anatsegula mpopi, koma sipanadonthe kanthu. Analavulira galasilo, n'kuyala mphasa pabwalo.

"Kaitaneni onse kumchengako," anatero. "Tiwalire bwinobwino abambo anu."