Pulogalamu Yakale Ija

"Yaimanso," anatero Rakele, mlembi wa pachipatala china m'mapiri a Ntchisi. Panja amayi a sikelo anali atadikira kuyambira m'mawa.

A Benjamini, katswiri wa mapulogalamu wochokera ku Lilongwe, anayang'ana pakompyutapo. Ndiwo anakakamira kuti pulogalamu yatsopanoyi igawidwe m'tizigawo khumi tolankhulana kudzera pa intaneti. Koma kuno netiweki imapezeka pachulu pokha.

Rakele anatsegula pulogalamu yakale, ija a Benjamini analembera lipoti kuti itayidwe. Mzere unayamba kuyenda.

"Iyi sifuna netiweki," iye anati. "Amene anaipanga ankatidziwa. Kodi inu mukumudziwa?"

A Benjamini anaipanga okha, akukhala ku Dowa, asanakwezedwe pantchito.

"Ndinkamudziwa," anatero a Benjamini.