Dzuwa Lofiira la Tsiku Lachinayi

Moni okondedwa, tiyamike Ambuye amene atidzutsanso ndi moyo.

Bwana wa pahotela anali atamuuza wojambula zithunzi wake mosapsatira mawu: "Mawa ndikufuna chithunzi cha dzuwa likulowa m'nyanja, chofiira bwinobwino. Ukalephera, undibwezere kamera yanga."

Koma nkhungu inakutanso nyanja, tsiku lachinayi lotsatizana. Kumwamba kunali mbuu ngati madzi otsukira mbale, mphepo ikubweretsa fungo la nsomba zoola. Mdima utagwa, wojambulayo analavula malovu pamchenga nayamba kulongedza.

"Achimwene, tandijambulani."

Anali bambo wachikulire, zovala zitanyoweratu, ndere zitamatirira kundevu. Fungo lija linkachokera kwa iyeyu. Wojambulayo anafuna kukana, koma wamkulu sakanizidwa.

"Kwada, bambo. Simuoneka."

"Iwe ingodina."

"Chabwino, mwetulirani," anatero mwachizolowezi cha ntchito yake.

Bamboyo anamwetulira, ndipo m'kamwa mwake munayamba kutuluka madzi akuda, osaleka.

Wojambulayo anadina, n'kugwetsa maso pagalasi la kamera kuti asaonenso pakamwapo. M'chithunzimo dzuwa linali psuu, lokongola kuposa limene anakhala akulipempherera. Bamboyo munalibe. Munali iye mwini wojambulayo, ataima m'nyanja, madzi akumulekeza m'chiuno.

"Bwana wako akondwa," mawu aja anamveka kumbuyo kwake. "Tasendera kutsogolo pang'ono, tijambule china."

Apa m'pamene anamva kuzizira kwa madzi a m'nyanja kukukwera m'mawondo mwake.

Ambuye akugwireni dzanja, okondedwa, kuti madzi akuya asakumizeni.