Kope Limene a Goliati Anawotcha

Panali bambo wina kwa Nazombe ku Phalombe, a Goliati, mlimi wa chinangwa ndi nandolo. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnansi wawo, ndipo mpaka lero imandiwawa.

Mwana wawo wamkazi, Happiness, anali Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Mphunzitsi wake, a Fletcher, anayamba kuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta. Makompyuta analipo atatu okha, a sola, ndiye ana ankalemba kaye mapulogalamuwo m'makope, n'kudikira Lachisanu kuti akayese pa makina. Pa msonkhano wa makolo, a Fletcher anapempha kuti phunziroli likhale la mwana aliyense, osati la ofuna okha. A Goliati anakana kwamtuwagalu, ati kompyuta sadya.

Tsiku lina pakhomo panafika mlendo wodzitcha mneneri. Anaona kope la Happiness pamkeka, lodzaza manambala ndi tizizindikiro tokhotakhota. Anagwira pakamwa.

"Bambo, awa ndi malemba a Satana. Mwana wanu anamulembetsa kale."

Mayi a Happiness anachonderera amuna awo kuti akayambe afunsa kusukulu, poti si patali. Koma aa, kumva ayi! A Goliati anaponya kopelo pamoto, ntchito ya chaka chonse. Mwana akulira, iwo n'kumati ndi ziwanda zikutuluka. Sabata yomweyo anakamusiya kwa azakhali ake ku Mozambique, kutali ndi makinawo. Sukulu ya kumeneko ndi ya Chipwitikizi, choncho anangokhala pakhomo. Pasanathe miyezi isanu azakhaliwo anamukwatitsa.

Chaka chitatha, a Fletcher anabwera ndi kalata. Bungwe lina linaona pulogalamu imene Happiness anasiya pa makina a sukulu, ndipo linamusankha kuti likamuphunzitse mpaka kukoleji. A Fletcher anaonetsanso a Goliati tizizindikiro tomweto m'buku la ana onse.

M'mawa mwake a Goliati anapalasa njinga mpaka kutsidya la malire. Anapeza mwana wawo akusenda chinangwa, ali ndi pakati. Happiness anawerenga kalatayo kawiri, n'kuwabwezera.

"Ababa, mlendo munamumvera. Nanga ine mwana wanu simunandifunse bwanji?"

A Goliati anabwerera okha, kalata ili m'thumba.

Phunziro: Makolo anzanga, chimene simukuchidziwa musachiweruze ndi mantha. Funsani mwana, funsani aphunzitsi. Kaya phunziro la kompyuta likhale lokakamiza kaya ayi, tikambirane kusukulu, osati kutseka tsogolo la mwana chifukwa cha mawu a munthu wongodutsa. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lina lisanalakwitse ngati a Goliati.