Ndani Akudya Mphamvu za Kompyuta?

Mayi Changu anadinanso batani, koma pulogalamu yake inangoyenda chokwawa ngati poyamba. Anadzuka, anazungulira tebulo, anakhala pansi, anadzukanso. Dzina la Changu sanalitole panjira. Anam'patsa anzake a muofesi ataona kuti ngakhale ketulo amaikalipira kuti ikuchedwa kuwira.

Ntchito ya ofesiyo inali kuwerengera kumene madzi a mitsinje angasefukire mvula ikachuluka. Masamu ake ndi a manambala ankhaninkhani, choncho ankawatumiza ku kompyuta yaikulu ya m'chipinda chozizira, imene ili ndi mitu yambiri yowerengera. Mkangano unali pa chida choyendetsera masamuwo. Panali mapulogalamu awiri aulere, oti aliyense akhoza kuwatsegula, kuona za m'kati, ngakhale kusinthamo. Imodzi imagawa ntchito kuti mitu yonse igwire nthawi imodzi. Inayo imapatsa mutu umodzi mzere wathunthu wa manambala kuti umeze kamodzi.

Bwana anali atatopa nawo mkanganowo. Ananena kuti madzulo a tsikulo aona zotsatira, yothamanga itsala, inayo itayidwa. Mayi Changu anali atathera miyezi yambiri akumanga ntchito yake pa pulogalamu yogawa ija, ndipo ikanaluza, thukuta lonselo likanangopita m'madzi. Woikira kumbuyo inayo sanali mlendo ayi. Anali mlamu wake, mng'ono wa amuna ake, ndipo matebulo awo ankayang'anizana.

"Mutu umodzi susenza denga, alamu," Mayi Changu ankakonda kumunyogodola.

"Komatu kuthamanga si kufika, alamu," iye ankabweza akuseka.

Lero mlamuyo sankagwira ntchito n'komwe. Anali atatambasula miyendo, akuseweretsa foni, akumwetulira yekha. Munthu amene ali pa mpikisano sakhala choncho pokhapokha ngati akudziwa kanthu.

Mayi Changu anatsegula pamene pamaonetsa mmene mitu ya kompyuta ikugwirira ntchito. Yonse inali itafiira, yodzaza mpaka pakamwa. Dzulo lomweli anayesa pulogalamuyi pa laputopu yake ndi manambala ochepa, ndipo inauluka. Lero ili pa makina amphamvu koma ikukoka mwendo. Ndiye kuti wina akudya mphamvuzo. Sabata imeneyo makinawo anali a anthu awiri okha, iyeyo ndi mlamu wake.

Chinyengo chake ankachidziwa bwino. Umangoyambitsa ntchito yolemera mwakachetechete, n'kuisiya izithamanga kuseri, iwe n'kupinda manja ngati mlendo. Ndipo si yemweyu kodi amene tsiku la ukwati wa Mayi Changu anabisa makiyi a galimoto, n'kumafunafuna nawo limodzi nkhope ili gwa?

"Alamu, zimitsani," anatero Mayi Changu.

"Ndizimitse chiyani?"

"Musandiyese mwana. Mukudziwa."

Mlamuyo anakweza maso pang'ono. "Koma mwadya m'mawa uno? Achimwene amati mukapanda kudya simugwirika."

Apa m'pamene Mayi Changu anapsa mtima zenizeni. Kunyumba angamuseleule mmene angafunire, koma iyi inali ntchito yake. Anayesanso kamodzi. Anawonjezera chiwerengero cha magawo kuti mwina alande mitu ina kwa wakubayo. Pulogalamu inachedwa kuposa kale. Kwa iye umenewo unali umboni wokwanira woti mnzakeyo akuona zonse ndipo akuwonjezera katundu.

Analowa mu ofesi ya bwana osagogoda, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Analankhula mokweza moti ngakhale a ku khonde anamva. Ananena kuti mlamu wake akubera mpikisano, akudzaza makina dala kuti ntchito ya mnzake ioneke yopanda pake. Ananenanso kuti ubale ndi ubale, koma munthu wotere sayenera kudaliridwa ndi masamu okhudza miyoyo ya anthu okhala m'mbali mwa mitsinje. Mawu otsirizawa anamuwawa iye mwini atangotuluka m'kamwa, koma anali atatuluka basi.

Bwana nkhope inasintha. Pa zinthu zonse, chinyengo pa zotsatira ndicho sankachikhululukira. Anaitana mlamuyo, amene analowa atasiya kumwetulira, ndipo anauza Mayi Changu kuti akatenge umboni kwa woyang'anira makina.

Woyang'anirayo onse ankamutcha Abusa, chifukwa ankaweta makompyuta ngati nkhosa, ndipo iliyonse ankaidziwa kulira kwake. Mayi Changu anawapeza m'chipinda chozizira atavala juzi, akupukuta fumbi.

"Abusa, ndionetseni amene akudya mitu yonseyi. Bwana akudikira."

"Khalani pansi kaye, mayi."

"Sindikhala."

Abusa anapukusa mutu, anakoka mpando wawo pang'onopang'ono, anafufuza magalasi m'thumba. Mayi Changu ankangopondaponda. Kudzera pa zenera lagalasi ankaona mlamu wake ali chiimire pamaso pa bwana, manja ali kumbuyo, bwana akuloza chala. Anamva chisoni pang'ono poganiza za amuna ake, koma anadzilimbitsa mtima kuti mlamuyo waziputa yekha.

Abusa anadina apa ndi apo, anayang'anitsitsa, kenako anatembenuzira sikirini kwa iye.

"Alamu anuwo anandipempha dzulo kuti ndiwatsekere zawo zonse, akuti muyese mwamtendere," anatero. "Izi zonse n'zanu, mayi. Mwagawa ntchito, koma gawo lililonse likudzigawiranso mitu yonse, ndiye zikungopondana zokhazokha. Ndikawauze ndine bwana, kapena mupita nokha?"